ZA M'BANJA: Mlendo wopanda pfungo, ndi miyeso inai yomgwirira



Mwezi uno ndifuna kucheza nanu za mlendo wina amene amalowa m'nyumba wosaodira, nagona pamphasa pamodzi ndi ana athu, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuona nkhope. Chondiyambitsa nkhaniyi ndi ichi. Mnyamata wina wogwira nchito ku Johannesburg anabwera kudzaona makolo ache kuno ku Chiweta, ndipo m'katundu wache munali kabokosi ka mabatire, kokhala ndi kagalasi koonetsa manambala. Iye anati kabokosiko kamayesa mpweya woipa wochokera m'nthaka. Anakaika m'chipinda cha atate ache madzulo, ndipo kutacha nambala inali itakwera ndithu. Amai a m'nyumbamo anagwidwa ndi mantha, nayamba kunena zosamuka. Anansi ena anati ndi chifukwa cha madzi otentha aja, ena anati ndi migodi. Koma pofika masana, zitseko ziri zotsegula, nambala ija inatsika, ndipo atate anaseka nati kabokosiko nkabodza. Pamenepo banja linagawikana pawiri, nadza kwa ine kuti ndiwaweruze.

Ine ndinawayankha kuti: Kabokosiko sikananame m'mawa, ndipo sikananame masana. Amai alakwa, atate alakwanso, pakuti onse awiri afuna kudziwa za chaka chathunthu pofunsa usiku umodzi. Ndipo popeza ndiona kuti mabanja ena adzakomana ndi funso lomweli, ndayesa nkwabwino kulemba pano zimene ziri zodziwika, kuti pasakhale wothawa nyumba yache pachabe, ndiponso pasakhale wonyoza chinthu choyenera kuchisamala.

Mlendoyo ndani?

Dzina lache ndi radon. Ndi mpweya wopanda mtundu, wopanda pfungo, wosamveka pakamwa. Akulu anati tsoka silinunkha, ndipo mau amenewa ayenera radon koposa zinthu zonse.

Chiyambi chache chiri m'miyala. M'nthaka ya dziko lonse lapansi muli chitsulo chotchedwa uranium, pang'ono pokha, monga magalamu awiri kapena atatu m'tani imodzi ya dothi. Koma m'miyala ina chimachuluka koposa apo. Chitsulo chimenechi sichikhala chikhalire ai. Chimasweka chokha pang'onopang'ono, nichisanduka zinthu zina motsatana, monga mbadwo ubala mbadwo. Kuti theka la uranium lithe, papita zaka mamiliyoni 4,500. Mmodzi wa zidzukulu zache ndi radium, amene theka lache limatha m'zaka 1,600. Ndipo radium ndiye abala radon. Makolo onsewo ali olimba, akhala m'mwala momwemo. Koma radon yekha ndiye mpweya, ndipo chifukwa chache amatha kuyenda m'ming'alu ya miyala ndi m'mipata ya dothi kufikira atatulukira kunja.

Moyo wache ndi waufupi. Pakapita masiku anai osakwanira bwino, ndiko kuti masiku 3.8, theka lache latha. Pakapita masiku ena otero, latsala gawo limodzi mwa magawo anai. Pakatha mwezi, sipatsala ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100. Sungani chiwerengero chimenechi, pakuti tidzachifuna pokamba za miyeso. Koma musati mlendoyu ndi mame okamuka dzuwa likatuluka, chifukwa nthaka imabala wina tsiku liri lonse.

Akatulukira pabwalo, mphepo imamwaza ndipo sabvuta munthu. Koma akatulukira pansi pa nyumba, amalowa pa ming'alu ya simenti, pamene khoma likomana ndi pansi, ndi pa dothi lozira. Usiku mpweya wa m'nyumba uli wofunda koposa wa kunja. Umakwera kudenga, ndipo pokwerapo umakoka mpweya wa m'nthaka kuti ulowe m'malo mwache. Zitseko ndi mazenera zikakhala zotseka, radon amaunjikana mpaka m'bandakucha. Ndicho chifukwa kabokosi ka mnyamata uja kanaonetsa nambala yaikulu m'mawa ndi yaing'ono masana.

Aononga bwanji?

Radon naye posweka amabala tinthu tina tolimba, tating'ono koposa pfumbi, ndipo tina mwa ito ndi polonium. Tinthu timeneti timamatirira ku pfumbi ndi ku utsi wa m'nyumba, ndipo munthu popuma amatilowetsa m'mapapo. M'menemo timaponya timibvi tosaoneka totchedwa alpha. Timibvi timeneti tiribe mphamvu yopyoza ngakhale pepala kapena khungu la munthu. Koma m'kati mwa mapapo mulibe khungu lotchinjiriza, ndipo timalasa mnofu wanthete. Kulasa kwa tsiku limodzi si kanthu. Kulasa kwa zaka makumi ndiko kumene nthawi zina kumadzutsa nthenda ya khansa ya m'mapapo.

Zimenezi zinadziwika ndi misozi. Zaka za m'ma 1500, anthu okumba siliva ku Schneeberg m'dziko la Germany anali kufa akali anyamata ndi nthenda ya m'chifuwa, naitcha nthenda ya m'phiri. M'chaka cha 1879 madokotala awiri, Härting ndi Hesse, anazindikira kuti inali khansa ya m'mapapo. Mpweya weniweniwo unapezedwa m'chaka cha 1900 ndi Friedrich Ernst Dorn. Koma kwa zaka zambiri anthu anayesa kuti bvutoli nla m'migodi mokha, kufikira chaka cha 1984, pamene munthu wina wogwira nchito pa malo opangira magetsi a nyukiliya ku Limerick, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, analiza makina olondera polowa pa nchito, osati potuluka. Atafufuza anapeza kuti choipacho anali kuchitenga kunyumba kwache, kumene radon anachuluka koposa m'migodi yambiri. Ndipo nyumba zina zoyandikana nayo zinali bwino.

Lero bungwe la za umoyo la dziko lonse, la WHO, linena kuti radon ndi mmodzi wa oyambitsa khansa ya m'mapapo akulu pambuyo pa fodya, ndi kuti mwa odwala nthendayi 100, apakati pa 3 ndi 14 amadwala chifukwa cha iye, malinga ndi dziko lache. Dziwaninso ichi: radon sapweteketsa mutu, satsokomoletsa, sabweretsa chizungulire. Munthu amene watsokomola masabata awiri apite ku chipatala akayezetse chifuwa chachikulu, asataye nthawi ndi kunamizira nthaka.

Nanga ife a kuno tisamalirenji?

Yang'anani dziko limene tikhalamo. Chiweta ali m'tsinde mwa phiri, pamene mseu wa M1 wochokera ku Mzuzu utsikira ku nyanja kulinga ku Karonga. Nyanja yathuyi iri m'chigwa chimene chinang'ambika kalekale, ndipo m'mphepete mwache muli ming'alu yozama ya miyala. Akasupe otentha a pa Chiweta, amene madzi ao afika pafupi madigiri 80, ali mboni yache: madzi amatsikira pansi patali, natenthedwa, nakweranso pa ming'aluyo. Zibvomezi zimene zinagwetsa nyumba ku Karonga mu December 2009 ziri mboni yachiwiri. Njira imene madzi akwerera, mpweya wa m'nthaka ukhozanso kukwerera.

Pamwamba pathu pali miyala ya mchenga imene ophunzira aitcha Karoo. M'menemo ndimo muchokera malasha a ku Mchenga, ndipo m'miyala ya mtundu womwewo ofufuza anapeza uranium ku Livingstonia. Mgodi wa Kayelekera m'boma la Karonga, umene unatulutsa uranium kuyambira 2009 mpaka 2014 ndi kuyambanso mu 2025, ulinso m'miyala ya Karoo.

Koma mverani bwino, abale. Zonsezi ziri chifukwa choyesera, siziri chiweruzo. Miyala imatiuza kumene kuyenera kufunsidwa; siitiuza za chipinda chimene inu mugonamo. Nyumba ziwiri za pabwalo limodzi zikhoza kusiyana kutali, pakuti ina iri pa mng'alu, ina pa mwala wosasweka. Ina mphepo ipitamo, ina yatsekedwa ngati botolo. Ndiponso musaope kusamba pa kasupe wa pabwalo kapena kutunga pa mjigo. Radon amasungunuka m'madzi a pansi, inde, koma amathawa madziwo akamathiridwa m'ndowa, akamawira, kapena akakhala mu mtsuko. Choopsa chachikulu ndi chimene tipuma m'chipinda chotseka, si chimene timwa.

Pali chinthu chinanso chodabwitsa. Nyumba ya makolo athu, ya denga la udzu ndi mpata pakati pa khoma ndi denga, inali kupuma yokha usiku wonse. Nyumba ya makono, ya malata, ya siling'i ndi mazenera a galasi otsekedwa dzuwa likalowa chifukwa cha udzudzu ndi akuba, ikhoza kusunga radon wambiri koposa, makamaka simenti ya pansi ikang'aluka. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Muyeso wache

Monga chimanga tiyesa ndi ndowa, ndi nsaru ndi mita, radon ayesedwa ndi becquerel, dzina lochokera kwa Henri Becquerel wa ku France, amene mu 1896 anapeza kuti uranium atulutsa mphamvu yosaoneka. Polemba afupikitsa kuti Bq. Ganizani bokosi la mpweya, mita imodzi m'litali, mita imodzi m'lifupi, mita imodzi msinkhu. Ngati m'bokosimo kanthu kamodzi ka radon kasweka pa sekondi iri yonse, ndiye 1 Bq. Mpweya wa pabwalo umakhala pakati pa 5 ndi 15. Nyumba za dziko lapansi, poziphatikiza zonse, zikhala pafupi ndi 40. M'chaka cha 2009 a WHO analangiza maiko kuti malire akhale 100, ndipo kumene nkosatheka asapitirire 300. Ku America amalangiza kukonza nyumba ikafika 148, ku Britain ikafika 200. Manambala onsewa sali a usiku umodzi ai. Ali a chaka chonse pochiphatikiza.

Tsopano tione zoyesera zinai, chiri chonse ndi ubwino wache ndi chirema chache.

Choyamba: kachitini ka makala

Si makala a pa mbaula ai, koma okonzedwa mwapadera kuti akhale ndi timabowo tosawerengeka togwira mpweya. Atsegula kachitiniko m'chipinda masiku awiri kufikira asanu ndi awiri, nakatseka zolimba, nakatumiza kwa oyesa, amene amawerenga mphamvu yotuluka m'makalamo. Ubwino wache ndi kutsika mtengo ndi kufulumira. Koma zirema zache ziri zitatu, ndipo zonse zitikhudza ife. Makala amamwa chinyezi pamodzi ndi radon, ndipo kuno ku nyanja nyengo ya dzinja chinyezi nchambiri. Chachiwiri, kumbukirani masiku 3.8 aja: kachitini kakachedwa pa njira masiku anai, theka la umboni lafa, kakachedwa masabata awiri, kafika kali mboni yosalankhula. Chachitatu, kamanena za sabata imodzi yokha, ndiponso kamakumbukira masiku otsiriza koposa oyamba.

Chachiwiri: kapulasitiki kosunga zipsera

Aka ndi kachikho kakang'ono kotseka, kokwana m'dzanja, ndipo m'kati mwache muli kachidutswa ka pulasitiki wotchedwa CR-39, yemwe uja apangira magalasi a maso. Mpweya umalowa pa kampata kopapatiza, pfumbi nkutsala kunja. Kamubvi ka alpha kali konse kakalasa pulasitikiyo kamasiya chipsera chosaoneka ndi maso. Itakwana nthawi, oyesa amabviika kachidutswako m'madzi otentha a soda woocha uja apangira sopo. Zipserazo zimakula, ndipo amaziwerenga ndi galasi lokulitsa zinthu. Zipsera zambiri, radon wambiri.

Kameneka kamakhala m'nyumba miyezi itatu, kapena chaka chathunthu. Sikafuna magetsi kapena mabatire, sikalira, sikatulutsa choipa chiri chonse. Kali ngati munthu wokhulupirika amene amanga mfundo pa chingwe mlendo ali yense akalowa, usana ndi usiku, pa mwera ndi pa bata. Zipsera zache sizifafanizika msanga monga umboni wa makala, chotero kakhoza kutumizidwa kutali, ngakhale kutsidya kwa nyanja ya mchere, kali m'thumba lache lomata. Chirema chache ndi chimodzi: kafuna kudikira. Koma kuona maso a nkhono nkudekha.

Chachitatu: kambale kosunga magetsi

Achitcha electret. Ndi kambale ka pulasitiki kodzazidwa mphamvu ya magetsi, monga chipeso chimene mwachikhuza m'tsitsi chimakoka timapepala. Akaika m'kachikho kotseka, ndipo radon akamasweka m'menemo mphamvu ya kambaleko imachepa pang'onopang'ono. Woyesa amawerenga mphamvuyo poyamba ndi potsiriza, ndipo kusiyana kwache ndiko kumuuza kuchuluka kwa radon. Tiripo ta masiku owerengeka, tiriponso ta miyezi. Ubwino wache ndi wakuti yankho lipezeka pomwepo ngati woyesayo wabwera ndi makina ache. Koma kambaleko kakakhudzidwa ndi chala kapena kugwidwa pfumbi, muyeso waonongeka. Ndiponso kamamva mphamvu ina yochokera m'miyala ndi m'njerwa, yotchedwa gamma, imene woyesa ayenera kuichotsera. Ayeneranso kuwerengera kukwera kwa malo, pakuti mpweya wa ku Livingstonia pamwamba uli wopepuka koposa wa kuno ku gombe. Chimenechi nchida cha mmisiri, si cha banja lokha.

Chachinai: kabokosi ka manambala

Ndiko kaja anabwera nako mnyamata wa ku Johannesburg. Kamawerenga timibvi ta alpha ndi magetsi, ndipo tina timalemba nambala ya ora liri lonse. Pa nchito yache kapambana zonse: kamaonetsa nthawi imene radon akwera, chipinda chimene alowera, ndi kusintha kumene kuoneka mukatsegula zenera kapena kumata mng'alu. Koma nkokwera mtengo, kafuna mabatire, ndipo kayenera kuyerekezedwa ndi muyeso woona nthawi ndi nthawi, monga sikelo ya pa msika imayenderedwa. Ta mtengo wotsika timasokera masiku oyamba, makamaka radon akakhala wochepa. Ndipo chirema chache chachikulu sichiri m'kabokosi, chiri mwa woyang'ana: munthu amaona nambala imodzi nakhulupirira yomweyo. Amene ali nako akasiye malo amodzi miyezi, nawerenge nambala yophatikiza masiku onse, osati ya ora lino.

Nanga tisankhe chiti?

Inu asodzi mudziwa yankho. Munthu amene wadzaza bwato ndi usipa usiku umodzi sanena kuti chaka chino nchabwino, ndipo amene wabwera chimanjamanja pa mwezi wowala sagulitsa ukonde wache. Chaka chidziwika pophatikiza mausiku onse. Radon nayenso amasintha usana ndi usiku, amasintha pa mvula ndi pa mphepo, amasintha pakati pa June, pamene anthu a kumapiri atseka ponseponse chifukwa cha chisanu, ndi October, pamene ife a ku nyanja tigona mazenera ali pululu. Chimene chilasa mapapo si usiku woipa umodzi, koma zaka zonse pamodzi. Chifukwa chache, banja lofuna kudziwa za nyumba yache lisankhe kapulasitiki kosunga zipsera, kakhale miyezi itatu kapena kuposapo, ndipo nyengo yozizira ikhale m'kati mwa miyeziyo. Makala ndi kabokosi zikhoza kuchenjeza msanga, koma zisagamule mlandu zokha.

Musadabwenso zoyesera ziwiri zikasiyana pang'ono m'chipinda chimodzi. Ngakhale zabwino zimasiyana ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, kapena kuposapo. China chikati 90, china 110, zagwirizana. Koma china chikati 50, china 500, pali cholakwa, ndipo muyesenso.

Msampha wa makoma a dothi

Radon ali ndi mbale wache wotchedwa thoron, wobadwa kwa chitsulo china, thorium. Moyo wache ndi wa masekondi 56 okha kuti theka lithe, chotero sayenda patali. Amachuluka pafupi ndi khoma kapena pansi pamene atulukira, makamaka pa dothi ndi zidina zosapaka pulasitala. Choyesera chimene chapachikidwa chokhudza khoma lotero chikhoza kumeza thoron ndi kumuwerenga ngati radon, nichitulutsa nambala yosokeretsa. Zoyesera zambiri zinakonzedwera nyumba za ku Ulaya, osati zathu. Pa chifukwa chimenechi ofufuza oyesa nyumba za dothi amaika tikho tiwiri pamodzi, kena kolola thoron kulowa, kena komkaniza, ndipo kusiyana kwa tiwirito kumawauza gawo la ali yense. Muuzeni wokupatsani choyesera kuti nyumba yanu nja dothi kapena ya njerwa, yozira kapena ya simenti. Ndiponso, popeza thoron naye amalasa mapapo, nkwanzeru kusendeza mphasa kapena bedi pang'ono kuchoka ku khoma losapaka.

Kaikidwe kache

Ikani chimodzi m'chipinda chogona, china pa balaza, pakuti ndimo anthu akhalitsa. Chikhale pa msinkhu wa thebulo kapena kuposapo pang'ono, chotalikira khoma ndi dzanja lotambasula, kutali ndi zenera, chitseko, moto ndi dzuwa. Musachiike m'khitchini kapena m'bafa, musachitsekere m'sutikesi kapena m'kabati poopa ana; koposa apo chipachikeni ndi chingwe ku mtanda wa denga. Musachitsegule kuti muone za m'kati. Lembani tsiku loika ndi tsiku lochotsa, pakuti popanda masiku amenewa woyesa sangathe kuwerengera. Ndipo khalani monga mukhala masiku onse. Amene atsegula mazenera miyezi itatu kuti nambala ikome anyenga ana ache, si woyesa ai.

Za kumene zipezeka zoyesera zokhulupirika, funsani. Dziko lathu liri ndi lamulo la za mphamvu zotere, la chaka cha 2011, ndi bungwe la Boma loliyang'anira, lotchedwa Atomic Energy Regulatory Authority, ku Lilongwe. Za miyala adziwa a Geological Survey ku Zomba. Mutu umodzi susenza denga: mudzi ukapempha pamodzi, kudzera kwa amfumu ndi alangizi a za umoyo, mau ache amveka koposa a munthu mmodzi, ndipo nyumba makumi awiri zoyesedwa nyengo imodzi ziphunzitsa zambiri koposa imodzi.

Nambala ikabwera

Ikakhala pansi pa 100, khalani ndi mtendere. Ikakhala pakati pa 100 ndi 300, chitani zopepuka. Ikapitirira 300, konzani nyumba chaka chomwecho, ndipo mukatha muyesenso. Koma kusamuka sikufunika, pakuti mankhwala ache ali m'manja mwa mmisiri wa pamudzi.

Tsegulani mabowo a mpweya aja ali pamwamba pa mazenera, amene ambiri tinawatseka ndi nsanza ndi mapepala. Ikanipo sefa wotchinga udzudzu, mphepo idutse usiku wonse, ndipo neti musaleke kugonamo. Matani ming'alu ya pansi ndi ya m'mphepete mwa khoma ndi simenti. Kumene radon achuluka kwambiri, amisiri amakumba kadzenje pansi pa simenti, nathiramo miyala, naimika paipi yochokera m'menemo kukatulukira pamwamba pa denga, kuti mpweya wa m'nthaka upeze njira yache osadzera m'chipinda. Inu amene mumanga nyumba yatsopano, yalani miyala yoswa, pamwamba pache pulasitiki wochindikala wosabooka, ndipo pamenepo thirani simenti. Mtengo wache ngwochepa pomanga koposa pokonza. Ndipo musatole miyala kapena dothi lotayidwa ku migodi ndi ku maenje a ofufuza kuti mumangire kapena kuzirira nyumba.

Mau otsiriza kwa abambo

Ndasunga chachikulu kumapeto. M'chaka cha 2005 ophunzira a ku Ulaya anaphatikiza kafukufuku wa m'maiko angapo, napeza ichi. Mwa anthu 1,000 osasuta fodya, okhala m'nyumba yopanda radon, amene adzadwala khansa ya m'mapapo asanafike zaka 75 ali 4. Pa 100 Bq ali 5. Pa 400 Bq ali 7. Koma mwa anthu 1,000 osuta, pa miyeso yomweyo, ali 100, ndi 120, ndi 160. Onani kusiyana kwache. Radon yekha ndi mbala yaing'ono. Radon ndi fodya pamodzi ndi gulu la achifwamba. Ife a boma la Rumphi tidziwa fodya bwino, pakuti ambiri aphunzitsa naye ana. Koma kumlima ndi kwina, kumsuta ndi kwina. Bambo amene aopa kasupe wotentha, koma asuta chingambwe m'chipinda chotseka momwe mugona mkazi ndi makanda, waopa mthunzi nakumbatira chirombo. Utsi wa nkhuni ndi wa mbaula m'nyumba yotseka nao uli mdani woonekeratu, ndipo mabowo omwe aja otulutsa radon atulutsanso utsi.

Banja lija silinasamuke. Kabokosi kakali pa thebulo m'chipinda cha atate, ndipo tinapangana kuti nambala ya tsiku asaiyang'anenso, koma adikire yophatikiza ikadzatha nyengo yozizira. Nsanza zija anazichotsa m'mabowo tsiku lomwelo, ndipo atate tsopano akafuna fodya wao amatuluka kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Amai akuti chimenecho chokha chalipira kale ulendo wa mwana wao.

Tsalani bwino, abale anga, kufikira mwezi wa mawa.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wa ku Chiweta